Makapisozi m'Madzi a Kanyama

Kanyama, Lachinayi masana

Misozi mwana wanga,

Ndakhala pa mpando wa pakhonde, mwendo ndausanjika pa chigubu monga anandiuzira a sisita a ku kiliniki, ndipo ndikukulembera chifukwa pakamwa zatikanika. Ukundidziwa. Ine ndikayamba kulankhula mawu amathamanga patsogolo, nzeru zimabwera pambuyo zili wefuwefu. M'mawa muja unaima pakhomo la chipinda n'kunena kuti, "Amama, sinizayenda mailo. Nizabalembela kuti banisungile malo mpaka chaka chibwela." Ine ndinakuponyera kapu. Sinakugunde, iwe n'kutuluka, ndipo mpaka pano sunabwere. Zimene ndinkafuna kunena ndi kapu ija ndi izi, uwerenge mpaka kumapeto.

Ndege yako inyamuka mawa. Anthu amene akukulipirira sukulu kunja kuja sanalonjeze kuti adzakudikira. Unandiuza wekha kuti pali ena pa mzere amene akungoyembekeza kuti wina apunthwe. Iwe ukufuna kupunthwa dala chifukwa cha chilonda cha pa mwendo wangawu, komanso chifukwa sukukhulupirira kuti ukachoka ndidzapita kukagona ku chipatala monga andiuzira. Pa chachiwiricho sindikutsutsa. Ndakana kangapo, ndipo nthawi zonse chifukwa changa chinali nkhuku.

Ine ndili wamng'ono kuposa iwe ndinasiya sukulu, ati kwa temu imodzi chabe. Agogo ako aamuna, aja anachoka ku Ntcheu kudzagwira ukhukhi m'mayadi a kuno, anadwala chifuwa moti tonse tinati basi apita. Amayi anga anali atamwalira kale. Palibe anandiuza kuti nditsale. Ndinadziuza ndekha, ndi nkhope yomweyo imene unali nayo m'mawa muno, ya munthu amene akuganiza kuti akuchita chinthu chopatulika. Ndinawaphikira phala, ndinawachapira, ndinawaperekeza ku kiliniki. Anachira. Temu inadutsa, inanso inadutsa, yunifomu inandichepera, kenako anatulukira atate ako ndi njinga yawo ndi mawu awo okoma. Madala aja anakhala ndi moyo mpaka anakunyamula iwe pamiyendo. Tsiku lina titakangana ndinawakumbutsa kuti sukulu ndinasiya chifukwa cha iwo. Anandiyang'ana n'kufunsa m'Chichewa chawo chija cha kumudzi, "Kodi ndinakupempha ine?" Ndinakwiya nawo masiku ambiri, koma sananame. Misozi, ine sindikukupempha. Uzikumbukire zimenezo, amako sanakupemphe. Sindifuna kudzakhala nkhalamba imene mwana wake akamaipatsa tiyi amaona sukulu yake itakhala pa mpando.

Za nkhuku ndinaphunzira ndekha, ndipo ukudziwa kuti ndimadzitama nazo. Atate ako atamwalira ndinagula anapiye a mabuloila n'kuwamangira khola la malata akale kuseri kwa nyumba. Asanamere nthenga zenizeni anayamba kuodzera, mapiko pansi, zitosi zamadzi. Mayi wina wa pamsika anandinong'oneza kuti, "Gulani makapisozi ya redi na yelo pa kantemba, musegule, muike mu manzi yao." Ndinakagula pa kagolosale kameneko, ndinatero, ndipo anapiye anadzuka. Kaya anadzutsidwa ndi mankhwalawo kaya akanadzuka okha, sindidziwa, koma ine tsiku limenelo ndinadzipatsa digiri. Kuyambira pamenepo gulu lililonse la anapiye linkamwa makapisozi, odwala ndi osadwala omwe, ati kuwatchinjiriza. Madzi otsala m'zomwera ndinkawakhuthulira m'ngalande ya kuseri, manyowa ndinkaunjika pakona. Mvula ikagwa ukudziwa zimene Kanyama amachita. Pansi ndi mwala, madzi alibe kolowera, ndiye ngalande, chimbudzi ndi chitsime zimasanduka banja limodzi. Chenjera ndi chinthu chimene chakuyendera bwino ulendo woyamba, chifukwa ndicho chimatseka makutu. Ku labu kwanuko chikakuyendera kamodzi, uchitenso, uchitenso, kenako upatse mnzako amene sakukonda kwenikweni kuti ayese nayenso.

Ukukumbukira pamene unabwera ndi timabotolo tako, uli m'chaka chomaliza ku yunivesite, kudzatunga madzi a m'ngalande ndi a m'zitsime za mzere wathu? Unavala magolovesi, unangoti "odi" n'kuwerama pa chitsime cha eni ake, n'kulemba nambala pa kabotolo. Kuno munthu satunga madzi a mnzake m'kabotolo kakang'ono n'kuchoka nako osanena kumene akupita. Dzuwa lisanalowe nkhani inali itazungulira kuti mwana wanga akutengera madzi a anthu kwa sing'anga. Bana Mwape, mnansi wathu wa kuseri kwa mpanda, anabwera chitenje chili m'chiuno. "Amake Misozi, mwana wanu atenga manzi yathu mu kabotolo. Ayapeleka kuti?" Ine m'malo mofotokoza ndinati, "Ayapeleka kuli bantu ba nzelu, zamene imwe mulibe." Mawa lake zitsime zonse za mzere uno zinali ndi maloko, ndipo unachita kukatunga kutali kumene sakutidziwa. Ntchito yako ndinaiononga ndine ndi pakamwa pangapa, koma nawenso unalakwa. Kumene ukupitako, ndi pamene udzabwere kudzatunganso kuno, uziyamba wakhala pansi. Upereke moni, ufunse za ana, unene chimene ukufuna ndi chimene ukachite nacho. Madzi ali ndi eni ake ngakhale akhale akuda.

Zotsatira zako zitatuluka unandipeza ndikusosola nkhuku. "Amama, mu manzi ya mu chisime chathu muli mankhwala. Ni yang'ono maningi, simungayaone, koma yalimo." Ndinati timawiritsa, timathira klorini, nanga ufuna chiyani china. Unati zimenezo zimapha tizilombo koma sizichotsa mankhwala onse. Unati mankhwala amatuluka m'thupi la munthu ndi la nkhuku pamodzi ndi mkodzo ndi chimbudzi, ndipo sachokera pakhomo panga pokha. Unatinso tizilombo tikamakhala m'madzi a mankhwala ochepa choncho timazolowera, ngati mwana wokulira pafupi ndi tavani amene phokoso silimudzutsanso. Ine ndinakuyankha kuti nkhuku zimene ukunyozazo ndizo zakulipirira sukulu. Unatuluka osadya. Mawu amenewo ndinanena chifukwa ndinamva kuti ukunena zoona, ndipo zinandiwawa. Choncho munthu akakukalipira pa zimene wapeza, nthawi zina ndiye kuti wamva. Usabweze mawu, koma usasinthenso manambala ako kuti umusangalatse.

Ndipo ukamakaima pamaso pa anthu a kunjako ndi zithunzi za ngalande yathu, usakatigulitse ngati anthu auve osadziwa kanthu. Ukanene zonse. Ukanene kuti ku kiliniki mzere umayamba kusanache, kuti kantemba kali pafupi ndipo kamakugulitsa makapisozi awiri ngati mphamvu yako ndi ya awiri, kuti mpopi umauma ndipo munthu amamwa zimene zilipo. Ukafuna ukanenenso kuti mayi wa nkhuku uja ndi amako. Sindichita manyazi.

Tsopano za saladi, mafuta ophikira aja, pakuti ndikudziwa kuti nkhani imeneyo ukaifotokozera anzako mpaka kukalamba. Ndinakufunsa kuti kunja kumeneko ukukaphunzira chiyani chimene kuno kulibe. Unati pali mchere wina umene sukhala wa mibulu ngati wa m'khitchini, koma wamadzimadzi ngati mafuta. Dzina lake ndimaluma nalo lilime, ayoniki likwidi. Unatenga botolo, unathiramo madzi ndi tsabola wofiira wa ufa, unaonjezera saladi, unakhutchumula, n'kuliika pa tebulo. Posakhalitsa saladi anayandama pamwamba atafiira, madzi pansi atayezuka. Unati mchere wakowo umachita chimodzimodzi, umakoka mankhwala kuchoka m'madzi n'kupatukana nawo, ndiye munthu amachotsa gawo limenelo madzi n'kutsala. Ine ndinati ndamva, n'kunyamuka. Mawa lake ndinatunga chigubu pa chitsime, ndinakhuthuliramo botolo lonse la saladi, ndinakhutchumula mpaka msana kuwawa, ndinayengula ndi chipande, madziwo n'kupatsa nkhuku. Ndinaitananso Bana Mwape kuti adzaone sayansi. Unatipeza nkhuku zili nyezinyezi m'makosi, zomwera zikuterera ngati sopo.

"Amama, mwachita chani?"

"Nachosa mankhwala mu manzi. Si ndiwe unaniphunzisa?"

"Saladi inali chabe chisanzo. Siikoka mankhwala yaja."

"Manje unaniuzila chani vinthu va hafu?"

"Munanyamuka pakati, mwati nkhuku zalila."

Bana Mwape anaseka mpaka kukhala pansi, nati, "Zikakula simuzavutika, zazikazinga kale zeka."

Madzulo amenewo ndinakhala pansi n'kumva gawo limene ndinathawa. Unati mankhwala aliwonse amafuna mchere wakewake, ndipo zimadaliranso kuti madziwo ndi owawasa bwanji. Unati mchere wina umakoka bwino koma nawonso ndi poizoni kwa nsomba ndi tamoyo ta m'madzi, ndipo ukatsalira m'madzi ndiye kuti wachotsa mbala n'kulowetsa chigawenga. Unati ndi wodula, ndipo pakali pano zambiri zikuchitikira m'timabotolo ta galasi, osati pa chitsime cha ku Kanyama. Pamenepo pali malangizo awiri, lako ndi langa. Langa ndalimva, munthu azimvetsera mpaka mnzake atatseka pakamwa. Lako ndi ili. Ukamafotokozera anthu onga ine, amene timathamangira kukachita, uziyamba ndi zimene chinthucho sichingachite. Ndipo uzinena msanga pamene sukudziwa. Tsiku limenelo unati "sitinaziŵe bwino" kangapo, ndipo ndi pamene ndinayamba kukukhulupirira.

Chaka china cha mvula yambiri, iwe uli ku sekondale, madzi anafika pa sitepe ya nyumba ino. Ndinatenga piki n'kukumba kangalande kochotsa madzi pabwalo langa. Anachoka bwinobwino, ndinaima n'kumadziyamikira. Sindinatsate kuti akupita kuti. Anakalowa m'nyumba ya Bana Mwape, matiresi, ufa ndi makope a ana, zonse kunyowa. Anabwera atanyamula matiresiwo pamutu n'kuwaponya pakhomo panga. "Manzi yanu yanichezela, manje na ine nabwela kucheza." Anagona kuno ndi ana awo mpaka nyumba itauma, ndipo ubwenzi wathu unayambira pamenepo, ubwenzi wa kutukwanana ndi kubwerekana mbaula. N'chifukwa chake ndinakufunsa kuti mchere wakowo ukamwa mankhwala, umautaya kuti. Unati funso limenelo ndilo ntchito imene akukuitanira, kupeza njira youtsukira kuti ugwirenso ntchito kambirimbiri, ndi kuti mankhwala ochotsedwawo asabwererenso m'madzi. Ndinakondwa, ngakhale sindinakuonetse. Uve suthera pamene wachoka pabwalo lako. Uziutsata mpaka uone pamene wakaima, ndipo ufunse kuti pamenepo pamagona ndani. Akadzakuyamikira kuti madzi ayera, iwe uzikayang'ana m'botolo linalo, la zimene wachotsazo.

Za mwendo ndinene mosabisa, chifukwa ndi umene waimitsa chikwama chako. Mvula yathayi ndikuwoloka madzi ofika m'maondo kukagula chakudya cha nkhuku, lata lobisika linandicheka pamwamba pa kakolo. Ndinadzichitira zimene ndimachitira anapiye. Ndinatsegula kapisozi n'kuwaza ufa wake pabalapo, ena ndinameza, ululu utachepa ndinasiya, otsala ndinasunga m'kabati kuti adzathandize tsiku lina. Chilonda chinabwerera, ndinagula a mtundu wina. Chinabwereranso. Utandikokera ku kiliniki, a sisita anatenga mafinya pa kathonje n'kutumiza ku chipatala chachikulu. Yankho unalimva wekha, unali pomwepo.

"Amai, tuzilombo tuli apa situmvela mankhwala yamene mwakhala mukumwa. Mufunika kugona ku chipatala, bazikulasani nyeleti, majakisoni, mpaka tusile."

"Na nkhuku zanga zizagona pa bedi iti?"

"Mendo muli nayo yabili chabe, nkhuku muli nazo zambili. Sankhani mweka."

Pobwerera ndinakufunsa ngati tizilomboto ndi ta m'ngalande yanga yomwe. Unati sungadziwe, mwina ndi ta m'madzi aja, mwina ndinatizoloweretsa ndekha ndi kumwa mankhwala modukiza. Sunandinamize kuti undisangalatse, sunandinamizenso kuti undiopseze. Nanenso sindikunamiza. Ayoniki likwidi wakoyo sachiritsa mwendo uwu, upite kapena utsale. Nawenso kutsala kwako sikuuchiritsa. Iwe sindiwe dokotala, jakisoni sudziwa kubaya, magazi ukawaona umagwira khoma. Ukatsala uzitunga madzi, kuchapa nsalu ndi kundibweretsera chakudya ku wodi. Zimenezo Bana Mwape angathe, ndipo azichita akundinyoza, zimene zimandipatsa mphamvu kuposa nkhope yako yachisoni. Koma zimene akukuitanira kunjazo Bana Mwape sangathe, ine sindingathe, mzere wonse uno palibe angathe. Mwina ntchito yakoyo sidzafika pa chitsime chathu ine ndili moyo. Ndikudziwa, sindine mwana. Koma ana a mzere uno adzachekedwabe ndi malata m'madzi, ndipo ndikufuna kuti pa nthawi yawo mankhwala adzakhale akugwirabe ntchito.

Zina ndi zazing'ono, koma umve. Mtima wangawu uli nawo, kungoti iwe umauveka Chizungu. Mphunzitsi wako akakulakwira usayankhe pomwepo, pita ukatsuke timabotolo tako tonse, ukabwere manja atazizira. Usamadye uli chiimire. Jekete lovalidwapo kale lija la salaula tinagula ku msika wa Kamwala ndi lalikulu dala, uzivala juzi mkati. Upeze tchalitchi, ngakhale aziimba ngati ali ndi njala. Mwamuna amene sakufunsa za ntchito yako, kapena amene akafunsa amayang'ana foni iwe ukuyankha, umusiye pomwepo, ndakuonetsa kale mmene munthu wosamvetsera amathera. Ukadwala upite kwa dokotala, ndipo mankhwala akakupatsa umalize, ngakhale utamva bwino tsiku lachiwiri. Umalize, Misozi. Ine zambiri zimene zandivuta m'moyo ndi zimene ndinasiyira pakati.

Useke ngati ukufuna, koma dzana ndinakuikira kapaketi ka makapisozi m'kathumba ka m'mbali mwa sutikesi yako, ati a panjira. Dzanja linachita lokha. Lero ndawachotsa, pamodzi ndi onse a m'kabati. Ndinaima nawo pa ngalande kanthawi ndithu, kenako ndinawamanga m'pepala n'kuwaika m'chikwama changa. Ndikawapereka kwa a chipatala, akadziwe okha kotaya.

Ndati chikwama changa chifukwa ndalongedza. Utatuluka m'mawa muja ndinaitana Bana Mwape pa mpanda n'kuwauza kuti atenge nkhuku zonse, ndi zomwera, ndi matumba a chakudya otsala. Sizinakhwime, zikanafuna masiku ena kuti zilemere, ndipo iwo akudziwa zimenezo, choncho anandipanikiza pa mtengo ngati sitidziwana. Ndinawatukwana, anandibwezera, tinagwirizana. Atanyamula khola lawo la waya anaima nati, "Amake Misozi, makapisozi niziika yangati mu manzi?" Ndinati, "Musaikemo olo imozi. Zikadwala muitane ba vetenale." Anandiyang'ana ngati ndabadwanso mwatsopano. Kuseri kwa nyumba tsopano kuli zii, ukabwera ukasuzumire wekha. Chiyambire imfa ya atate ako sindinamvepo nyumba ino ili chete chonchi, ndipo kunena zoona sizikundikomera. Koma chonamizira ndilibenso, ndipo nawenso ulibe.

Ndalankhula ndi a dikoni aja a galimoto, abwera mawa m'mawa. Tikwera atatu, iwe, ine ndi Bana Mwape. Ku bwalo la ndege sindikuperekeza, ndipo usandikakamize, chifukwa ndikakuona ukulowa pa chitseko chija ndikhoza kunena zopusa zimene zingakubweze. Galimoto iyamba yaima pa geti la chipatala. Ine nditsika ndi chikwama changa, Bana Mwape andigwira mkono, ndipo udzandiona ndi maso ako ndikulowa. Kumeneko ndikhala mpaka a dokotala atanena okha kuti ndituluke, ngakhale chakudya chawo chikhale chopanda mchere.

Iwe usatsike. Usanene kuti ungondinyamulira chikwama mpaka pa wodi, ndikukudziwa, ukafika pa wodi udzafuna kuona bedi, ukaona bedi udzafuna kudikira dokotala. Utsanzike pa windo, a dikoni aziyendetsa.

Ndine amako,
Amake Misozi